Zala Zitatu pa Khoma la Kummawa

Khoma la kummawa la sukulu yathu kulibenso. Amene akudutsa lero panjira yochokera kuchigayo amaona denga lalitali la malata obiriwira, mizati yachitsulo, ndi mabuloko otuwa pamene panali njerwa zofiira. Ana amene ayamba sukulu chaka chino adzakula akuganiza kuti zinali choncho kuyambira kale. Ndikulemba izi kuti pakhale pepala limodzi lonena kuti khomalo silinagwe ndi ukalamba. Analiwononga ndi anthu, anthu akwathu, masanasana, akuimba nyimbo za kutchalitchi.

Tinafika ku Kanakantapa kuchokera ku Katete, ine ndi mkazi wanga ndi ana awiri aang'ono, titanyamula mapoto, makasu ndi thumba la mbewu. Malo olima analipo ambiri, koma sukulu inali kutali ndi chigawo chathu. Ana ankaphunzira pansi pa mkuyu, ndipo mitambo ikangoda mphunzitsi ankawauza kuti athamangire kwawo. Makolo tinakhala pansi n'kugwirizana kuti tiumbe njerwa. Ine anandisankha kukhala mlembi wa komiti chifukwa ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki ndili mnyamata. Kuyambira tsiku limenelo ndasunga pepala lililonse lokhudza sukuluyo m'bokosi lachitsulo limene lili kumutu kwa bedi langa. Palibe limene latayika, palibe limene chiswe chalawa.

Uvuni unali umodzi wa tonse. Pofuna kuti pasapezeke banja lodzitama ndi thukuta la ena, tinapangana kuti nyumba iliyonse iziika chizindikiro chake pambali pa njerwa ikangotuluka m'chikombole, dothi likadali lofewa. Ena ankadinda ndi pansi pa botolo. Ena ankagubuduza chitsononkho. Akatolika a kutsidya kwa dambo ankajambula mtanda ndi kamtengo. Ine ndinafuna kuti tizilemba zilembo zoyamba za dzina lathu, koma mkazi wanga anandiseka.

"Malemba ni yanu, imwe a kalaliki," anatero. "Ine nili na zala."

Ankadinda zala zitatu za dzanja lamanja. Chala chapakati chinali chopindika, munsi unachiphwanya ali mtsikana, choncho chizindikiro chake sichinkafanana ndi cha munthu wina aliyense. Ndinene zoona: njerwa zambiri za banja lathu anaumba ndi iye. Ine nthawi zambiri ndinkakhala ndi cholembera. Amene ankamutungira madzi ndi kumupondera dothi anali mlongo wake wamng'ono, mlamu wanga, amene anatitsatira kuchokera ku Katete ndipo pambuyo pake anapeza munda wake pafupi nafe.

Simenti tinalibe. Tinamanga ndi matope a pachulu pakati pa njerwa, makoma onenepa, zipinda ziwiri. Njerwa zina sizinapse bwino chifukwa nkhuni zinatichepera, koma zinagwira. Pakati pa zipindazo sitinamange khoma. Tinaika matabwa oti n'kuchotsa, kotero kuti Loweruka nyumbayo inkakhala ya misonkhano, Lamlungu tchalitchi, ndipo anamwino akabwera azimayi ankayezetseramo ana. Mwezi wa Okutobala, kunja malata akulira ndi dzuwa, m'katimo munkakhala mozizira ngati mumtsuko.

Njerwa za mkazi wanga zinagwera pa khoma la kummawa, pansi pa windo lachiwiri, pamene dzanja la munthu woimirira limafika osawerama kwambiri. Iye atamwalira, ndinazolowera kudutsira kumeneko m'mawa popita kudimba. Ndinkalowetsa zala zanga m'maenje atatu aja, kenako n'kupitiriza ulendo. Sindinkapemphera, sindinkalira. Ndinkangopereka moni. Aphunzitsi ankandiona pawindo n'kungondisiya.

Zaka zitapita, denga linatopa. Chiswe chinadya mitengo, malata anayamba kudontha, ndipo ana anachuluka chifukwa anthu ogwira ntchito ku Lusaka anayamba kumanga nyumba zawo kuno. Kunabwera bungwe lina lofuna kuthandiza. Tonse tinkayembekeza kuti agwetsa nyumba yakale n'kuimika ya mabuloko monga amachitira kwina. Ine ndinali nditakonzeka kale kukangana nawo.

Anatitumizira mayi wina wachitsikana, katswiri wojambula mapulani a nyumba. Anafika pa minibasi, nsapato zili fumbi lokhalokha, ndipo asanapereke moni kwa akomiti anazungulira nyumba yonse akusisita njerwa ndi dzanja. Atafika pansi pa windo lachiwiri anaima.

"Atate, izi zala ni za ndani?"

"Za mkazi wanga."

"Alipo?"

"Anapita."

Anagwedeza mutu, osanena mawu a chipepeso amene anthu amanena mongothamanga. Pamsonkhano anatambasula pepala lalikulu pa desiki n'kutiuza kuti sadzagwetsa khoma ngakhale limodzi. Denga latsopano lidzaima pa mizati yake yachitsulo, pamwamba pa nyumba yakale, ngati ambulera. Lidzatuluka kunja kwambiri kuti mvula isamamenye makoma, ndipo pakati pa denga ndi khoma padzakhala mpata woti mphepo izidutsa. M'malo mwa matabwa athu aja adzaika zitseko zopinda, kuti zipinda zizikula kapena kuchepa malinga ndi ntchito ya tsikulo. Padzakhala thanki ya madzi a mvula, magetsi a dzuwa, ndi zipinda zina ziwiri zatsopano kumadzulo.

Pomaliza anagogoda khoma ndi chibakera. "Chinthu chimodzi chabe nikupemphani. Ichi chipupa musachipake simenti. Chimapuma."

Anthu anaseka. Mlamu wanga, amene panthawiyi anali wapampando wa komiti, anaseka kuposa onse.

"Amayi, ngati chipuma, mu Juni chizayamba kukhosomola. Tizachipeleka ku kiliniki pa njinga ya ndani?"

Mayiyo anaseka nawo, kenako anafotokoza bwinobwino. Anati njerwa zofewa zomangidwa ndi matope zimamwa chinyezi kuchokera pansi nthawi ya dzinja, ndipo dzuwa ndi mphepo zimachitulutsanso. Mukaziphimba ndi simenti ndi penti, madzi amalowabe kuchokera pansi koma amasowa potulukira, ndiye njerwa zimaola m'kati munthu osaona. Ine za zomangamanga sindidziwa, ndipo sindinganame kuti ndinamvetsa zonse. Chimene ndinamva n'chakuti zala zija zikhala poyera. Ndinalemba m'buku la misonkhano kuti makoma akale asapakidwe kanthu, ndinawerenga mokweza, ndipo onse anasaina. Woyamba kusaina anali mlamu wanga.

Ntchito inayenda. Sindine munthu wofulumira kuyamikira, koma nyumbayo itatha ndinaima pamsewu nthawi yaitali. Njerwa zathu zofiira, zokhotakhota, zinali pansi pa denga lowala ngati nkhalamba imene ana ake aigulira chipewa chabwino. Mitanda, mabotolo, zitsononkho, zonse zinkaoneka. Amisiri anangotsuka khoma ndi kukonza matope pamene anagumuka.

Koma kudandaula kunayamba nyumbayo isanaume n'komwe. Ndinkakumva pachitsime, pachigayo, ndi panja pa tchalitchi. Kwathu nyumba yosapaka pulasitala ndi nyumba yosatha. Mwamuna amene wasiya njerwa poyera, anthu amadziwa kuti mphamvu zinamuthera panjira. Mlendo akamabwera, mkazi amazira khonde, amasesa bwalo, amabisa mbale zobooka. Tinakula choncho tonse, inenso ndinakula choncho. Ndiye anthu ankafunsana kuti, masukulu a m'tauni amawapaka penti, ife atisiyira dothi chifukwa ndife alimi? Mayi wina wachikulire, amene njerwa zake za chitsononkho zinali pakhoma la kummawa lija, anandiuza m'maso kuti, "Tinavutika kale na matope. Manje mufuna azukulu athu azionabe umphawi wathu?"

Ndinamuyankha kuti umenewo si umphawi, ndi ntchito ya manja ake. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Tsiku lopereka sukulu litayandikira, mayi wa mapulani anali atabwerera ku Lusaka kukagwira ntchito zina. Ine ndinalandira uthenga woti mkulu wanga wamwalira ku Katete. Ndisanakwere minibasi ndinadutsira kwa mlamu wanga. Ndinamupeza akusenda chimanga pakhonde.

"Alamu, namvela nkhani za pulasitala."

"Ni nkhani chabe, alamu. Anthu ali na pakamwa."

"Munasaina."

"Niziba. Pitani bwino kumaliro. Chipupa sichizathawa."

Sichinathawedi. Nditabwerako, ndinatsika pa mphambano n'kuyenda wapansi ndi chikwama changa. Ndili patali ndinaona chinthu chowala pakati pa mitengo, choyera kumtunda, chabuluu kumunsi. Ndinaganiza kuti ndasokera njira. Ndinayandikira. Makoma onse anayi anali osalala ngati mbale. Ndinapita pansi pa windo lachiwiri, ndinaika dzanja, penti inali isanaumitsitse ndipo inandimata m'zala.

Ndinamva pambuyo pake mmene zinayendera. Bambo wina wa nyumba zatsopano, munthu waulemu amene ana ake amaphunzira pomwepo, anapereka simenti ndi mtima wabwino atamva kudandaula kwa anthu. Za msonkhano uja iye sankadziwa, ndipo amene ankadziwa sanamuuze. Amuna anasakaniza, achinyamata anapaka kunja ndi m'kati momwe, azimayi a chigwirizano anatunga madzi akuimba. Anaphika ndi chakudya. Aliyense amene anandifotokozera ankati linali tsiku losangalatsa, anthu anagwirizana ngati kale lija poumba njerwa. Zimenezi ndi zimene zimandiwawa kwambiri mpaka lero.

Mlamu wanga ndinamupeza kuseri kwa sukulu akutsuka mabulashi m'chitini.

"Alamu, mwachita chani?"

"Tasiliza sukulu."

"Dzina lanu lili pa pepala. Loyamba."

"Ninasaina pepala, sininasaine manyazi. Alendo abwela na makamera, aone chipupa chamaliseche monga khola la nkhumba? Akakambe kuti a ku Kanakantapa analephela na kupaka komwe?"

"Mlongo wanu ali mukati umo."

Anaika bulashi pansi n'kuimirira. Ndi wamfupi kwa ine, koma tsiku limenelo anandiyang'ana molunjika.

"Mlongo wanga ali kumanda, alamu. Nimalimilako ine chaka na chaka. Imwe mumayenda ku chipupa."

Ndinanyamula chikwama changa, penti ili m'manja, n'kupita kunyumba.

Patsiku la mwambo kunabwera magalimoto, ana anavina, alendo anajambula zithunzi ataima kutsogolo kwa khoma labuluu. Mayi wa mapulani anafika mochedwa. Ndinamuona akutsika, akuyang'ana, kenako anaima osasuntha anthu akumudutsa. Anabwera pamene ndinakhala, kumapeto kwa benchi.

"Atate, simunawauze?"

"Ninali kumaliro, mwana wanga."

Anapita kukalankhula ndi ahedi ndi mlamu wanga. Anawapempha kuti agumule pulasitalayo mvula isanayambe, pamene njerwa zikadali zouma. Mlamu wanga anati anthu sangalole kuphwanya chinthu chimene angomaliza ndi manja awo, komanso bambo wopereka simenti angamve bwanji. Ahedi anati nkhani ya makoma ndi ya makolo. Ine ndinalembera komiti, ndinalembera ahedi, ndinalemberanso bungwe lija. Kalata iliyonse ndinasunga inzake. Bungwe linayankha mwaulemu kuti nyumbayo tsopano ili m'manja mwa eni ake. Akomiti sanayankhe, koma pa chisankho chotsatira anasankha mlembi wina, ati maso anga atopa.

Dzinja loyamba linadutsa popanda kanthu. Mlamu wanga akandiona panjira ankakuwa ali pa njinga, "Alamu, chakhosomola?" Anthu ankaseka. Ine ndinasintha njira yopitira kudimba, ndinkazungulira kudambo ngakhale kunali kutali ndipo maondo anga sagwirizana ndi mame.

Dzinja lachiwiri mvula inagwa yambiri. Penti inayamba kutupa kumunsi ngati khungu lopsa ndi madzi otentha. Panatuluka zoyera ngati mchere. M'kalasi munayamba kununkha chinyezi, mabuku a m'kabati anamera nkhungu. Ana anatulukira kuti khoma likamenyedwa ndi rula limalira ngati ng'oma, ndipo ankalimenya pa nthawi yopuma mpaka aphunzitsi anawaletsa. Mphunzitsi wa kalasi ya kummawa, mayi wosalankhulalankhula, anasuntha madesiki onse kuwachotsa kukhoma popanda kufunsa munthu. Mulungu amudalitse mayi ameneyo. M'mawa wina, ana ali m'kati, chipande chachikulu cha pulasitala chinasomphoka n'kugwera pamene madesikiwo ankakhala. Palibe amene anavulala. Kuseri kwake kunalibe njerwa. Kunali phala lofiira, lonyowa, loti munthu n'kulowetsamo dzanja mpaka pachigongono.

Anamuitana mayi wa mapulani. Anabwera, anagogoda makoma onse, anachotsa pulasitala apa ndi apo. Anati makoma atatu angapulumuke akawavula msanga, chifukwa pansi pake ndi pouma. Koma la kummawa, limene lili kumunsi kumene madzi a pabwalo amatsikira, linali litafa kuyambira pamaziko mpaka pamawindo. Liyenera kugwetsedwa lisanagwere ana. Sanakalipire munthu. Ndikanakonda akanakalipa.

"Denga silizagwa," anandiuza titatsala awiri. "Lili pa mizati yake. Ninapanga dala kuti zipupa zizichoka na kubwela, sukulu ikafuna kusintha. Koma sininaganize kuti choyamba kuchoka chizankhala ichi."

Kugwetsa sikunafune nyundo. Anthu omwe aja amene anapaka ndi amene anabwera ndi mitengo, n'kukankha, khoma n'kukhala pansi mwakachetechete ngati ng'ombe yodwala. Panalibe woimba tsiku limenelo. Asanafike pa windo lachiwiri ndinawaimitsa. Ndinawasonyeza malo, ndipo anadula pulasitala mozungulira ndi chikwanje n'kuikoka. Inatuluka yathunthu, yotalika ngati thireyi, ndipo nkhope za njerwa zinatsalira kumbuyo kwake, zitamatirira. Chotsala cha njerwazo chinangogumuka. Mayi wa chitsononkho uja anali pomwepo, atafunda chitenje kumutu, akufukula muluwo ndi ndodo yake. Sindikudziwa ngati anapeza chimene ankafuna. Sindinamufunse.

Ndinabwereka wilibala n'kukankha chipandecho mpaka kunyumba, ndikupuma panjira. Ndinachigoneka pabwalo chafufumimba, mbali ya penti pansi, dothi pamwamba. Ndinayesa kuchotsa dothilo ndi supuni kuti mwina ndipeze njerwa imodzi yamoyo, koma linkangophwanyika. Panalibe choti n'kupulumutsa. Ndiye ndinatenga ndowa ndi kapu n'kuyamba kuthira madzi pang'onopang'ono. Madzi ofiira anayenderera pabwalo kulowera kumene kuli nthochi. Ndinkadziwa chimene ndikutsuka. Linali dothi limene iye anakanda, kuliika m'chikombole, kulinyamula pamutu.

Dothi litachoka, simenti inaonekera, ndipo pa simentiyo panali zala. Amene anapaka anakanikiza mwamphamvu, simenti inalowa m'maenje onse n'kuuma momwemo. Zala zitatu, zitatu, zitatu, m'mizere, chapakati chopindika. Koma sizinalinso maenje. Zinali zotukuka, zotuwa, zolozera kunja.

Ndikadali chogwada, ndinamva njinga ikuima pachipata. Anali mlamu wanga. Sanaodire. Anafika n'kuima pambali panga, chipewa chili m'manja, nsapato zake zili m'madzi ofiira aja. Kenako anawerama n'kukhudza chala chopindika chija ndi chake.

"Ninalipo tsiku munsi unamugwela," anatero. "Ninali nikulila ine, iye osalila."

Ndinathiranso kapu ina ya madzi.

"Alamu, tingachiike mu chipupa cha manje. Tingawapemphe amayi aja, chingakwane pakati pa mabuloko. Ana azichiona."

"Kuti alendo akabwela mupakenso?"

"Alamu."

"Munasaina kale kamodzi."

Anavala chipewa chake. Anatsokomola, n'kukankha njinga mpaka pamsewu osakwera. Kuyambira tsiku limenelo timapatsana moni pamaliro pokha.

Makoma atatu aja anawavula. Njerwa zake zinatuluka zachipsera, zizindikiro zambiri zinapita ndi simenti, ndipo tsopano palibe amene akunena za manyazi. Kummawa anaika mabuloko. Ana akuphunzira, denga silidontha, zitseko zopinda zikugwira ntchito monga mayi uja ananenera. Ndimamva phokoso lawo ndikamadutsa kudambo.

Chipande chija sichinakwane m'bokosi la mapepala. Ndinachiimika kumbali kwake, chotsamira khoma la kuchipinda. Buku la misonkhano lili m'bokosimo, tsamba lija lili bwinobwino, mayina onse akuwerengeka, inki sinafufutike. M'mawa ndikadzuka ndimaika dzanja pa simentiyo monga ndinkachitira kusukulu. Zala zanga zimafuna polowa, koma palibe. Zimangogunda pamwamba pa zake, ndipo simenti imazizira.